Zikomo inu osunga chiseko cha malemu Phil Hartman

Ndithokoze anthu amene sindikudziwani n'komwe, inu amene mumasonkhanitsa makanema akale a malemu Phil Hartman, katswiri wa masewero oseketsa ku America, n'kumawaika pa intaneti. Masiku amene matenda anandigoneka, ndinkawaonera usiku, foni ili papilo, n'kumaseka mpaka misozi kutsika. Mwandidziwitsa katswiri amene anakhala zaka 8 pa pulogalamu ya nthabwala ya pa TV ya Saturday Night Live, kuyambira 1986 mpaka 1994, akutsanzira pulezidenti wakale wa America Bill Clinton ngati anabadwa naye mimba imodzi. Anzawo ankawatcha guluu, poti sewero likayamba kuphwasuka, iwo ndi amene ankaligwirizira.

Pa 28 Meyi 1998 mkazi wawo anawaombera ali m'tulo kunyumba kwawo ku Encino, mumzinda wa Los Angeles, kenako naye anadziombera. Bambowa anali ndi zaka 49 zokha. Mpaka lero nkhaniyi imandiswa mtima.

Zikomo apolisi amene munatulutsa ana awo awiri m'nyumbamo m'mawa umenewo, ndi achibale amene munawalera kutali ndi makamera. Zikomonso inu okonza katuni ya The Simpsons: mawu a Troy McClure ndi Lionel Hutz, amene ankawalankhula ndi a Hartman, simunawapatse munthu wina. Munangowapumitsa, ndipo munachita ulemu.