Atambala 14 amene anatiphunzitsa malonda a misoti

Bizinesi yathu inayambira m'khola limodzi lansungwi kuseri kwa nyumba, ndipo cholinga chathu, ine ndi mayi akunyumba, chinali kugulitsa mazira m'magolosale a m'dera lathu. Tinagula anapiye 20 a Mikolongwe, nkhuku zakuda zija za mtundu wa Black Australorp zomwe zinatengera dzina ku malo a boma oswetsera ziweto ku Chiradzulu. Munthu amene anatigulitsa ankagwira mwanapiye aliyense miyendo n'kumuzondotsa, ndipo ankati amene wangoti zii ndi wamkazi, pomwe wophiriphitha ndi wamwamuna. Ife tinakhulupirira, n'kusankha ofatsa okhaokha.

Itatha miyezi 4, tsiku lina m'bandakucha tinamva mawu osasa ngati a mnyamata amene akusintha mawu, ndipo sabata isanathe khola lonse linali kokoliriko. Titawerenga bwino tinapeza atambala 14 ndi misoti 6 yokha. Madeya, soya wokazinga ndi usipa wosinja zomwe tinkagula movutikira zinali zitathera mwa nkhuku zomwe sizidzaikira dzira ndi limodzi lomwe, ndipo atambalawo ankajomphana tsiku lonse n'kumasosola misoti nthenga zapamsana.

Amene anatitsegula maso ndi azakhali anga, omwe akhala akuweta nkhuku zachikuda moyo wawo wonse. Anatiuza kuti mwanapiye wa masiku ochepa sanena zoona kwa munthu wamba, choncho tiyenera kudikira. Pakati pa masabata 6 ndi 8, lipombo la tambala limayamba kukula ndi kufiira, pomwe la msoti limakhala laling'ono ndi lotumbuluka mpaka atayandikira kuikira. Miyendo ya tambala imakhala yonenepa ndi yaitali, ndipo iye amakonda kuimika khosi n'kumayang'anizana ndi mnzake ngati akufuna ndewu. Komabe chizindikiro chomwe sichinatinamizepo ndi nthenga. Pofika masabata 12 mpaka 14, ndimatenga nkhuku m'manja, n'kulowetsa kapepala koyera pansi pa nthenga za m'khosi ndi za pamsana pafupi ndi mchira. Zikaoneka zowonda, zosongoka ndi zonyezimira, ameneyo ndi tambala. Zikakhala zazifupi ndi zozungulira kumapeto, ndi msoti. Kapepalako n'kofunika chifukwa pa nkhuku yakuda bii nthenga imabisala mwa inzake.

Atambala aja tinawasunga mpaka nyengo ya Khirisimasi, pamene aliyense amafuna nkhuku yodyera mpunga, ndipo ndalama zake zinabweza pang'ono zomwe zinalowa. Tinasiya mmodzi yekha, popeza tambala mmodzi amakwanira mathadzi 10, ndiponso thadzi limaikira ngakhale popanda tambala, kungoti mazira akewo saswa.

Lero mazira ndi gawo laling'ono la malonda athu. Popeza nkhuku za Mikolongwe sizikonda kufungatira, mazira ake timaikiza kwa mathadzi achikuda, omwe amaswa pakatha masiku 21. Anapiye timawadonthezera katemera wa chitopa m'diso, n'kumabwereza miyezi ingapo iliyonse, makamaka nyengo yotentha isanafike. Sitigulitsa nkhuku pansi pa masabata 14, ngakhale wogula atalonjeza kuwonjezera ndalama, ndipo aliyense wofuna msoti timamupatsa kapepala koyera kaja kuti ayang'ane yekha nthenga asanapereke ndalama.