Sabata ya phala la oats ku kiliniki ya shuga

Ntchito yanga ndi ya kadyedwe. Kachipinda kanga kali moyandikana ndi kiliniki ya odwala shuga, ndipo adokotala akamaliza za mankhwala, munthu amamulozera khomo langa kuti tikambirane za m'mbale mwake. Sabata yathayi nkhani inali imodzimodzi: oats. Ena anawerenga pa Facebook, ena anauzidwa ndi ana awo, enanso anamva kwa anzawo pa benchi yodikirira, kuti phala la oats limatsitsa shuga. Ine oats ndimamuyamikira ndithu, ndipo ambiri ndimawalangiza kuti azidya. Koma phala lakelo likhoza kumugwira bwino munthu mpaka masana, likhozanso kumukwezera shuga kuposa buledi amene akumuthawa. Zimatengera mtundu wa oats, kuchuluka kwake, ndi zimene wathiramo.

Lolemba m'mawa kunalowa bambo wina wa zaka za m'ma 50 amene amamwa mapiritsi a shuga otchedwa metformin. Nkhope inali itakwinyika, ndipo kabuku kolembamo shuga anachita kukaponya patebulo. Asanadye m'mawa manambala anali abwino, pakati pa 6 ndi 7. Pakatha maola awiri atadya, 12, 13, tsiku lina mpaka 14. Malire amene bungwe la American Diabetes Association limapereka kwa akuluakulu ambiri ndi 4.4 mpaka 7.2 mmol/L munthu asanadye, ndipo akadya asafike pa 10. Pa timakina towerenga mu mg/dL, amenewo ndi 80 mpaka 130, kenako 180.

"Mayi, buledi ndinasiya, shuga mu tiyi ndinasiya, ndikudya oats tsiku ndi tsiku monga mumanenera anthu inu. Nanga izi ndiye ziti?"

"Bambo, oats wake ndi uti?"

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kapaketi kaja kongothira madzi otentha n'kutakasa, kokometsera ndi apulo. Amadya tiwiri nthawi imodzi. Tinakatembenuza n'kuwerengera limodzi timalemba ta kumbuyo. Pa mndandanda wa zosakaniza, shuga anali wachiwiri, ndipo kapaketi kamodzi kanali ndi magalamu 12. Supuni ya tiyi imatenga magalamu 4. Ndiye kuti m'mawa uliwonse bamboyo ankadya masupuni 6 a shuga, kuposa amene anawachotsa mu tiyi. Anangoti "Eeh!" n'kuvula magalasi.

Ngakhale shugayo akanapanda kuthiridwamo, oats wa mtundu umenewu ndi wothamanga. Njere ikachotsedwa mankhusu, kufakitale amaichita zosiyanasiyana. Ina amangoidula tizidutswa ndi mipeni yachitsulo, ndipo pa paketi amalemba kuti steel-cut. Imeneyi imafuna mphindi 20 kapena 30 pamoto. Ina amaifewetsa ndi nthunzi n'kuikanikiza pakati pa zitsulo zogudubuzika, ndiyo rolled, yopsa m'mphindi zochepa. Ya instant amaiphikiratu, kuiumitsa, n'kuipyapyalitsa kwambiri. Ntchito yophwanya njere imene mano ndi mimba zikanagwira imakhala itagwiridwa kale ndi makina, choncho sitalichi imasanduka shuga mofulumira. Pa muyeso wa glycemic index, woonetsa mmene chakudya chimafulumirira kukweza shuga m'magazi, umene David Jenkins ndi anzake anayambitsa ku yunivesite ya Toronto mu 1981 poika glucose, shuga weniweni wa m'magazi, pa 100, oats wodula ndi wokanikiza wochindikala amakhala cha m'ma 55, pomwe wa instant amapitirira 70. Bamboyo tinagwirizana kuti agule wokanikiza wopanda chokometsera, asamuphike mpaka kusungunukiratu, ndipo apitirize kubaya chala monga akuchitira.

Lachiwiri ndi tsiku la kalasi ya gulu, ndipo ndi limene ndimalikonda. Ndimaika pathebulo sikelo ya kukhitchini, mbale, ndi chitini cha oats wouma, kenako ndimapempha aliyense kuti athire m'mbale muyezo umene amaphika kunyumba. Amathira mwaulemu, akuyang'ana nkhope yanga, wina mpaka kubwezako pang'ono m'chitini. Komabe sikelo inkawerenga 70, 85, ya bambo wina wamtali inadutsa 100. Nditayeza magalamu 40, amene ndi pafupifupi theka la kapu, chipinda chonse chinaseka. Mayi wina anati, "Kameneko ndi ka mwana wosiya kumene kuyamwa." Sindinatsutse. Ndinangokaphika pa kasitovu kathu, ndipo kataphwa madzi n'kufufuma kanadzaza mbale mpaka pakati, kuseka kuja n'kuchepa.

Masamu ake tinalemba pa bolodi. Magalamu 40 a oats wouma ali ndi magalamu pafupifupi 27 a zakudya zosanduka shuga m'thupi, 4 a fayiba ndi 5 a mapuloteni. Munthu akaphika 80, wafika kale pa 54. Akaphikira mu kapu ya mkaka, onjezani 12. Nthochi yapakatikati, 27. Supuni yaikulu ya uchi, 17. Zonse pamodzi 110, dzuwa lisanakwere n'komwe, ndipo chilichonse m'mbalemo ndi chimene anthu amati n'chopatsa thanzi. Za uchi tinalimbana nthawi yaitali. Pali chikhulupiriro chozama kuti uchi, popeza ndi wa njuchi, suvulaza wodwala shuga. Magazi sadziwa kuti shugayu wachokera ku njuchi kapena ku nzimbe. Zipatso zouma ngati mphesa zoumitsa nazonso n'chimodzimodzi: kadzanja kamodzi kamanyamula shuga wa phava lonse.

Funso lenileni la anthu silikhala la manambala ayi, limakhala la njala. Akachepetsa phala, pofika 10 koloko m'mimba mukulira. Yankho lake si kuwonjezera oats, koma kuika pambali pake zinthu zokhalitsa m'mimba zosakweza shuga: dzira lowiritsa limodzi kapena awiri, supuni ya chiponde chosathira shuga yotakasira m'phalamo, mtedza wodzaza chikhatho, yogati wosatsekemera, kagawo ka peyala. Mapuloteni ndi mafuta amachedwetsa chakudya kuchoka m'mimba, ndiye shuga amalowa m'magazi pang'onopang'ono. Wofuna kutsekemera adulemo theka la apulo ndi khungu lake lomwe, kapena theka la nthochi yosapsetsa. Wina anafunsa za sinamoni, kuti anamva kuti ndi mankhwala. Ndinati athire chifukwa amanunkhira bwino ndipo amathandiza kuiwala shuga, koma asayembekezere kuti angalowe m'malo mwa piritsi; zofufuza zake zimatsutsana.

Lachitatu linapita ndi mafayilo ndi msonkhano wa ogwira ntchito, umene unatalika monga mwa masiku onse. Chokhacho chokoma chinali kucheza ndi mtsikana wa ku koleji amene akuphunzira ntchito kwa ine. Iye anafunsa kuti, ngati oats ali ndi sitalichi yochuluka chonchi, mbiri yake yabwino inachokera kuti.

Mbiriyo ndi yakale kuposa jakisoni wa insulini, homoni yotsitsa shuga m'magazi. Mu 1903, dokotala wa ku Germany, Carl von Noorden, analemba za kudyetsa odwala shuga oats kwa masiku angapo ngati chithandizo, ndipo insulini inadzapezeka mu 1921 ku Toronto. Chimene chili mu oats ndi fayiba yosungunuka m'madzi yotchedwa beta-glucan, ija imachititsa phala kunanda ndi kumata ku poto. M'matumbo imachitanso zomwezo: chakudya chimanandira, sitalichi n'kumayenda ngati munthu woyenda m'matope, ndipo shuga salowa m'magazi onse nthawi imodzi. Imathandizanso kutsitsa kolesitolo woipa, chimene n'chofunika kwambiri kwa odwala shuga popeza matenda a mtima amawakonda. Mu 1997 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America, la FDA, linalola opanga oats kulemba pa mapaketi kuti amathandiza mtima, pa muyezo wa magalamu 3 a beta-glucan patsiku. Taonani, chilolezocho chinali cha mtima, osati cha shuga. Pa za shuga, bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, la EFSA, linanena mu 2011 kuti pafunika magalamu 4 a beta-glucan pa magalamu 30 aliwonse a zosanduka shuga kuti wopanga anene kuti chakudya chake chimachepetsa kukwera kwa shuga munthu akadya. Mbale ya magalamu 40 ili ndi beta-glucan wosafika magalamu 2. Mtsikanayo anawerengera pa foni yake n'kuona yekha kuti phala wamba silifikapo. N'chifukwa chake ena ndimawauza kuti achotseko oats pang'ono n'kuikapo gaga wa oats, amene ali ndi beta-glucan wochuluka ndi sitalichi yochepa. Ayambe ndi supuni imodzi, chifukwa mimba yosazolowera imadzaza mpweya.

Lachinayi anandiitana ku wodi. Agogo ena aakazi anabwera nawo atakomoka, shuga atatsika kufika pansi pa 3. Amamwa glibenclamide, mankhwala okakamiza kapamba kutulutsa insulini kaya munthu wadya kaya sanadye. Mdzukulu wawo, mtsikana wowakonda kwambiri, anamva kuti phala lochuluka limakweza shuga, ndiye anawachepetsera mpaka masupuni atatu ophikira m'madzi, popanda china chilichonse, piritsi akumwa lomwe lija. Ndinamupeza pakhonde akulira.

"Iwe, usadzizunze. Unkafuna kuwathandiza agogo. Koma chakudya ndi mankhwala zimayendera limodzi. Ukasintha chimodzi, adokotala ayenera kudziwa kuti aone chinacho."

Ndinamuphunzitsa zizindikiro: kunjenjemera, thukuta lozizira, chizungulire, mtima kuthamanga, kulankhula zosamveka. Shuga akatsika pansi pa 3.9 ndipo munthu akutha kumeza, ampatse magalamu 15 a shuga wothamanga, monga masupuni atatu kapena anayi a tiyi osungunula m'madzi, kapena theka la kapu ya juwisi, n'kuyezanso pakatha mphindi 15. Apa oats alibe ntchito, kuchedwa kwake kumene timamuyamikira kuja kumasanduka vuto. Wokomoka asam'mwetse kanthu, athamange naye kuchipatala. Kwa okalamba ngati amenewa, ine ndimaopa kutsika kuposa kukwera pang'ono, ndipo tinakambirana ndi adokotala kuti aonenso mankhwalawo.

Tsiku lomwelo ndinaletsa oats anthu awiri. Woyamba ndi bambo amene shuga wa zaka zambiri anamuwonongera mitsempha ya m'mimba, moti chakudya chimakhalitsa osatsika, amachita nseru ndi kukhuta msanga. Fayiba yonanda ingangowonjezera vutolo. Wachiwiri ndi mnyamata wa shuga wa mtundu woyamba amene anapezekanso ndi matenda a celiac, oti thupi limadana ndi gluteni wa mu tirigu. Matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi. Oats payekha alibe gluteni wa tirigu, koma kumunda ndi kufakitale amasakanikirana ndi tirigu kawirikawiri, ndiye mnyamatayo ayenera kudikira mpaka atapeza wolembedwa kuti alibe gluteni. Odwala impso nawonso sindiwauza kanthu ndisanaone zotsatira za magazi awo, makamaka potaziyamu ndi fosifolasi.

Lachisanu kunabwera mayi wogwira ntchito yolowa mbandakucha, amene analibe mphindi 30 zoimirira pa sitovu. Ndinamusonyeza za kunyika usiku: magalamu 40 a oats wokanikiza m'kabotolo kotsekeka, yogati wosatsekemera kapena mkaka theka la kapu, madzi pang'ono, supuni ya njere za chia kapena za fulakisi, n'kuika mu filiji. M'mawa n'kungowazapo mtedza. Oats wosaphika chonchi samasuka ngati wowira nthawi yaitali, ndipo ambiri manambala amawakhalira bwino. Anafunsa ngati angagwiritse ntchito mkaka wa oats wa m'makatoni, poti zonse ndi oats. Ndinamuuza kuti asamale nawo: popanga mkakawo sitalichi amaiphwanya mpaka ina kusanduka shuga, ndipo fayiba yambiri imatsala pa sefa. Wosakonda zotsekemera, ndinamuuzanso, akhoza kuphika oats ndi anyezi, tomato, masamba ndi kamchere pang'ono, n'kuswerapo dzira.

Womaliza sabatayi anali mphunzitsi wopuma ntchito, munthu wolemba zonse mwadongosolo. Iye anachita zonse molondola: oats wodula, magalamu 40 oyeza pa sikelo, dzira pambali, uchi ayi. Koma atadya, shuga ankafikabe 11 ndi 12. Tinayang'ana manambala a m'mawa asanadye, ndipo anali kale pa 8 kapena 9. Chakum'bandakucha thupi limatulutsa mahomoni ngati cortisol amene amauza chiwindi kuti chitulutse shuga, ndipo kwa anthu ena nthawi imeneyi insulini sigwira bwino ntchito. Phala limagwera pamwamba pa shuga amene wakwera kale.

"Ndiye kuti ine oats wandikana, mayi?"

"M'mawa wakukanani, bambo. Tiyeni timuyese nthawi ina."

Tinagwirizana kuti kadzutsa akhale mazira, masamba ndi yogati, phala alisunthire masana pamene amakhala atayendayenda, ndipo akamaliza kudya aziyenda mphindi 10 kapena 15 kuti minofu itengeko shuga. Aziyeza asanadye ndi pakatha maola awiri kuchokera pa supuni yoyamba, n'kulemba pambali zimene wadya. Za manambala a m'mawawo ndinamulembera kakalata kopita kwa adokotala, chifukwa zimenezo n'za mankhwala a usiku, ndipo sikelo yanga singazikonze.