Sabata yathu ndi nambala ya 25,812.807

Mu labotale yathu timayeza resistance, ndiko kuti mmene chinthu chimakanira magetsi kudutsa, pamalo ozizira kwambiri. Lolemba tinalowetsa kachidutswa katsopano koti tiyeze m'firiji ya helium. Ndi (Bi,Sb)₂Te₃ yosakaniza ndi chromium, yopyapyala mananomita ochepa chabe, ndipo mawaya ake timalumikiza diso lili pa maikulosikopu. Firijiyi sichedwa kukwiyitsa munthu wopupuluma, imazizira pang'onopang'ono, choncho Lachiwiri lonse linathera pa kuyang'anira mapampu.

Lachitatu tinayatsa maginito kwa kanthawi kuti maatomu a chromium aloze mbali imodzi, kenako tinazimitsa. Apa ndiye pagona nkhani. Pamene Klaus von Klitzing anapeza quantum Hall effect mu 1980, pomwe resistance imakhazikika pa manambala osasintha, zinkatheka pokhapokha pali maginito amphamvu kwambiri. Mu 2013 gulu la Xue Qikun ku Tsinghua University linaonetsa kuti chinthu chokhala ndi umaginito wakewake chimachita zomwezo maginito akunja atazimitsidwa. Magetsi amayenda m'mphepete mokha, kulowera kumodzi, resistance yopingasa n'kukhazikika pa h/e² (h ndi nambala ya Planck, e ndi chaji ya elekitironi), maohm 25,812.807, yam'litali n'kugwa pafupifupi pa ziro.

Resistance yathu yopingasa inaima pang'ono pansi pa nambalayo. Choyezera kutentha chinkanena kuti tafika pa mamilikelvin 30, pafupi kwambiri ndi kuzizira kotheratu, koma maelekitironi anali ofunda kuposa pamenepo, chifukwa phokoso la zipangizo za m'chipinda limatsika ndi mawaya omwewo. Lachinayi tinazimitsa zida zosafunika chimodzichimodzi, tinachepetsanso magetsi olowa mu kachidutswako mpaka mananoampere ochepa. Magetsi akachepa chonchi chizindikiro chimafooka, ndiye kompyuta inagona ikuwerenga usiku wonse. Lachisanu mzere wa pa girafu unagona pomwe umayenera.

Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti m'zoyeza za 2013 umaginito unkayamba cha pa makelvin 15, koma nambala yeniyeniyo inaoneka pa mamilikelvin 30. Ambiri timaloza chala chromium, amene samwazika mofanana. MnBi₂Te₄, yomwe umaginito uli m'mapangidwe ake enieni, inaonetsa nambalayo pa makelvin 1.4 ku Fudan University mu 2020.

Ine ndimaona kuti phindu loyamba lili pa miyezo, osati pa makompyuta amene anthu amakonda kutchula. Kuyambira pa 20 Meyi 2019, h ndi e ndi manambala okhazikika, ndipo muyezo wa volt, wotchedwa wa Josephson, sugwirizana ndi maginito amphamvu. Muyezo wa ohm wosafuna maginito ungathe kukhala m'firiji imodzi ndi wa volt. Sabata yamawa tikweza magetsi pang'onopang'ono kuti tione pomwe kachidutswaka kadzayambe kutaya nambalayo.