Lipoti la Ulendo wa Gulu Lathu Kuchokera ku Johannesburg Kupita ku Durban

Komiti itandipatsa udindo wokonza ndondomeko ya ulendo wathu wokaona nyanja yamchere, ndinatenga mtunda wa makilomita pafupifupi 570 umene uli pakati pa Johannesburg ndi Durban, n'kuugawa ndi liwiro la makilomita 120 pa ola, ndipo ndinatsimikizira mamembala kuti tikanyamuka 5 koloko m'mawa, dzuwa lisanafike paliwombo tikhala tikuponda mchenga wa kugombe. Adalaivala athu anatsutsa masamu amenewa tisanatuluke n'komwe mumzinda. Iwo anatiuza kuti liwiro limenelo ndi la magalimoto ang'onoang'ono, pamene minibasi yonyamula anthu malamulo a dziko la South Africa sailola kupitirira 100, ndipo mathiraki akuluakulu malire awo ndi 80.

Theka loyamba la msewu wa N3 silinativute. Tinadutsa Heidelberg, tinawoloka mtsinje wa Vaal pa Villiers, kenako tinayenda m'dera lathyathyathya la chigawo cha Free State mpaka ku Harrismith, kumene tinaima kuti tithire mafuta ndi kuwongola miyendo. Chimene ndinaiwala kuwerengera ndi mageti olipirira msewu, omwe alipo asanu: De Hoek, Wilge, Tugela, Mooi River ndi Mariannhill, ndipo pa geti lililonse tinapeza mzere wa magalimoto.

Vuto lenileni linatipeza pa Van Reenen, pamene msewu umatsika mapiri a Drakensberg kulowa m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wokwera mamita oposa 1,700 poyerekeza ndi nyanja, choncho wopita ku Durban ayenera kutsika mtunda wonsewo, ndipo kutsika kwakukulu kumayambira pamenepa. Tinapezapo chifunga chochindikala, mathiraki onyamula makontena atandandana ngati nyerere, magetsi ochenjeza akuphethira, fungo la mabuleki otentha likulowa mpaka m'minibasi. Mayi wina amene anakhala pambali panga anayamba kudandaula kuti makutu atsekeka, ndipo anzake anamulangiza kuti azingomeza malovu. Makilomita owerengeka okha anatidyera nthawi yoposa ola lathunthu, koma palibe anakakamiza adalaivala kuti apitirire thiraki imene inali patsogolo pathu, ndipo pamenepa ndiyenera kuyamikira kudekha kwa mamembala.

Mtsetse wina woopsa ndi wa Town Hill, polowa mu Pietermaritzburg, ndipo m'mphepete mwa msewu tinaonamo kanjira kothiridwa miyala ing'onoing'ono kokolera thiraki imene mabuleki ake akana. Pochoka mumzinda umenewu panatsala makilomita pafupifupi 80, koma kunja kunali kutatentha kale moti majekete amene tinavala mbandakucha uja tinali titawavula tonse.

Tinafika kugombe nthawi itadutsa 3 koloko masana, patatha maola khumi, ndipo tisanatsike n'komwe tinaona sitima zapamadzi zikudikira patali kuti zilowe padoko, kumene mathiraki ambiri aja ankapita. Ana anasambira kwa kanthawi kochepa chabe chifukwa kunayamba kuda.

Popeza ena apereka kale maganizo oti ulendo wotsatira ukhale wa ku Cape Town, womwe ndi wa makilomita pafupifupi 1,400 pa msewu wa N1, ndikupempha komiti kuti iuwerengere masiku awiri popita, ipeze madalaivala awiri osinthana, ndiponso kuti ndondomeko ya nthawi ikonzedwe pamodzi ndi iwowo.