Mwana agwire yekha

Babu itangoyaka, mdzukulu wanga anakuwa kuti, "Agogo, ndayatsa ndine!" Tinali ku myuziyamu ya sayansi ya ana, iye ali pa kanjinga kosayenda kolumikizidwa ku dainamo, kachipangizo kopangira magetsi, thukuta lili kamukamu. Akapalasa mwamphamvu babu inkawala kwambiri, akafooka inkangoti phethiphethi. Kenako mnyamata woyang'anira pamenepo anagwada, n'kutsegula kabokosi kuti amuonetse za m'kati: maginito akuzungulira pakati pa waya wakopa wokulungakulunga. Anamulola kugwira, sanamuthamangitse ngakhale ana ena anali pamzere.

Tili mu kombi kubwerera ku Mufakose, dera la muno mu Harare, funso linatuluka lokha: "Nanga ku Kariba amapalasa ndani?" Ndinamuuza kuti kumeneko madzi a Zambezi ndi amene amazunguza makina opangira magetsi, pa damu lomwe linamalizidwa mu 1959, ndipo madzi akachepa m'nyanjamo magetsi amavuta mpaka kuno ku Harare. Anangoti duu, kenako n'kuyamba kufotokozera mayi amene tinakhala nawo pafupi, m'Chishona chake chothamanga chija. Mtima wanga unadzaza, abale.

Kwa ine myuziyamu ya sayansi ya ana ndi yoyenera ndalama yanu ngati mwana akuloledwa kugwira, kupotokola, kulakwitsa ndi kuyesanso. Zotsekera m'magalasi n'kulembapo "osagwira" amangozidutsa, pofika pachipata waiwala. Ana athu ambiri sayansi amaidziwira pabolodi basi, ndipo zimandiwawa. Amayi a kumpingo, sukulu zikatsekera tiyeni tisonkherane ya kombi tiwatengere onse. Amene mukufuna ndiuzeni Lamlungu tikaweruka.