Buluku la Mfumu

Singano sindinaigwirepo chibadwire, koma zovala ndasoka zambiri, zonse pa kompyuta. Ndimaumba anthu a m'masewera apakompyuta mu Blender, pulogalamu yaulere ija imene aliyense amayamba n'kufufuta kabokosi komwe umakapeza pakati ukangoitsegula. Munthu ukangomuumba amakhala ali chibadwire, manja atatambasula ngati chilembo T, kudikira kuti umuveke.

Mayi ena opanga kasewero kawo anandipatsa ntchito yoti ndiwaumbire mfumu yankhondo: jekete, buluku lotaya, lamba ndi nsapato zofika m'maondo.

Jekete sinandivute. Umapaka mask, utoto wosonyeza malire, pathupi pomwe padzakhale chovala, n'kutulutsa chigawocho ngati khungu lachiwiri, kenako umagwiritsa ntchito chida chotchedwa Solidify kuti chichindikale. Makwinya a m'zigongono ndinawakoka ndi burashi ya nsalu, yomwe inabwera mu Blender 2.83 m'chaka cha 2020. Ndinangoiwala kuzimitsa X, yomwe imakopera mbali inayo chilichonse chomwe wachita mbali imodzi, ndiye chibowo cha mkondo chomwe ndinaboola paphewa lamanja chinatulukanso kumanzere. Ndinachisiya, ndati mwina adani anali awiri.

Chinandigwetsa ndi mabatani. Anali asanu ndi limodzi, ndipo ndinafuna kuti pa lililonse pakhale mutu wa mkango, ndi ubweya womwe. Kuti ujambule tinthu tating'ono chotero umagawa nkhope za chinthucho, timagawo tomwe timapanga khungu lake, ndipo ukagawa kamodzi nkhope iliyonse imabala zinayi. Batani la nkhope 1,000 ndinaligawa kasanu, linafika pa 1,024,000. Mabatani okha anaposa nkhope 6 miliyoni, kulemera kuposa mwini jekete. Laputopu inayamba kulira ngati ndege yofuna kunyamuka.

Munthu wanzeru akanapeputsa mabatani. Ine ndinafufuta miyendo. Musaseke msanga, ndi njira yodziwika bwino imeneyi: thupi limene labisika m'chovala amalichotsa, pakuti wosewera saliona. Kuyambira m'chiuno mpaka m'maondo ndinasesa zonse, buluku n'kutsala chiimire ngati muli munthu.

Usiku woti mawa ndikaonetsa ntchito, kunandibwerera nzeru ina. Bwanji buluku lizigwedezeka ngati nsalu yeniyeni? Ndinaliika Cloth, yomwe imasandutsa chinthu kukhala nsalu, n'kusankha Silk, silika, poti mfumu sivala wamba. Kuyesa sindinayese, laputopu inali itatopa, inenso chimodzimodzi. Komatu nsalu ya mu Blender imamvera mphamvu yokokera pansi, 9.81 yomweyo ya dziko lathuli. Kuti isagwe umaikhomerera m'chiuno ndi pin group, yomwe ili ngati mapini, thupi n'kuliika Collision, yoletsa zinthu kulowana, kuti nsalu izipeza potsamira. Ine sindinakhomerere kalikonse, ndipo thupi lake linali kuti?

M'mawa tinakumana pavidiyo, mayi aja ndi anzawo awiri, onse akuona sikirini yanga. Ndinaizungulitsa mfumu uku ndi uku, ndikulankhula ngati mphunzitsi wamkulu.

"Tsopano mayi, taonani moyo umene uli m'nsaluyi."

Ndinadina spacebar kuti nsalu iyambe kugwedezeka.

Likanagwa mwachangu, bwenzi ndikunamizira netiweki. Koma mabatani aja anali atapanikiza makina, moti buluku linatsika pang'onopang'ono, mwaulemu, silika akunyezimira. Linachoka m'chiuno, linadutsa m'nsapato ngati mulibemo kanthu, linafika pansi, n'kulowa. Pansiponso ndinali ndisanaikepo Collision. Linangopitirira ulendo wake kunsi kwa dziko.

Lamba anatsala m'malere, atamanga mphepo. Pamwamba jekete, mutu ndi ndevu zaulemerero. Pansi nsapato ziwiri. Pakati mbee!

Tonse duu. Kenako bambo mmodzi anatsokomola.

"Achimwene, miyendo tilipira payokha?"

Mnzawo winayo anazimitsa kamera, koma anaiwala maikolofoni. Ndinamva munthu akumenya tebulo, mpweya ukumuthera.

Ine thukuta kamukamu, chala pa Ctrl+Z, yobwezera m'mbuyo zomwe wachita, ngati ndikupopa madzi. Koma Blender imakumbukira masitepe 32 okha ukapanda kusintha, ndipo ukatseka fayilo imaiwala zonse. Miyendo ndinaifufuta masiku atatu m'mbuyomo. Chomwe ndinakwanitsa n'kubweza nthawi poyambira, pa frame 1, buluku n'kubwerera m'chiuno. Mwamantha ndinagundanso spacebar, linayambanso kutsika.

"Basi bambo, taliona," anatero mayi aja.

Pofuna kuti nditoleko kaulemu kotsala, ndinayandikitsa kamera pachifuwa cha mfumu.

"Koma mayi, mabataniwa mwawaona? Muli mikango umu."

Anayang'anitsitsa ndithu, mpaka nkhope kugunda sikirini.

"Ndi okongola zedi. Kungoti sewero lathu kamera imakhala m'mwamba, munthu yense amaoneka ngati chala chaching'ono. Achotseni, muike timadontho tachikasu."