Laisensi ya kwathu, chilolezo cha ku Harare

Abwana atandiuza kuti ndikagwire ntchito ku nthambi yathu ya ku Harare kwa zaka ziwiri, ndinayamba ndi kuyang'ana tsiku lothera laisensi yanga yoyendetsera galimoto. Inali itatsala masabata ochepa. Laisensi ya ku Malawi imakhala zaka zisanu, ndipo poikonzanso amafuna mwini wake afike, amujambule nkhope ndi kumudinditsa zala. Sungatume mlamu. Choncho ndinalawirira ku Road Traffic ku Ginnery Corner, n'kukonzetsa ndisananyamuke. Ikanandithera ndili kuno, bwenzi ndikuwononga ndalama ya basi kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda chifukwa cha kakhadi kamodzi.

Chovuta chenicheni chinali chilolezo chokhalira. Mmalawi salipira viza polowa mu Zimbabwe, ndipo n'chifukwa chake ambiri amapusitsika. Chidindo cha pabodala n'cha mlendo, sichikulola kugwira ntchito. Wobwera kudzagwira ntchito amafunika Temporary Employment Permit, imene anthu amangoti TEP, ndipo amapempha ku Imigireshoni ndi olemba ntchito, osati iwe. Mbali yanga inali kusonkhanitsa mapepala: kalata ya ntchito, masatifiketi a sukulu otsimikizidwa, fotokope ya pasipoti, zithunzi, kalata ya kupolisi, komanso ya dokotala atandiunika m'chifuwa. Ndinadikira ku Blantyre mpaka yankho litatuluka, ngakhale mtima unali utafika kale ku Harare.

Pomwe tinatsala pang'ono kugwa m'mavuto ndi pa mayi a kunyumba. Anabwera ndi mwana kudzationa, ndipo tonse tinkangoganiza kuti ali ndi mwezi wathunthu. Usiku wina ndikusunga mapasipoti m'kabati, ndinatsegula yawo. Pambali pa chidindo panali masiku olembedwa ndi bolopeni, ochepera amene tinkaganiza, ndipo anali atatsala awiri okha.

“Amake mwana, kodi pabodala anakufunsani kuti mukhala masiku angati?”

“Anafunsa, ndinati masabata awiri. Sindinadziwe kuti alemba omwewo.”

M'mawa mwake tinapita ku Imigireshoni ndi tikiti yobwererera komanso TEP yanga, n'kuwonjezetsa masiku. Chonde, werengani cholembedwa m'pasipoti musanachoke pa windo, basi ikuimba hutala kapena ayi.

Za kusintha laisensi, mnzanga wa kuntchito anandilimbikitsa kuti ndingopita ku VID, ofesi ya boma yoyesa madalaivala ndi magalimoto, ku Eastlea ndikapeze ya kuno, poti kuyambira mu 2023 nawonso akupereka khadi yapulasitiki m'malo mwa laisensi yakale yachitsulo. Ndinalingalira, koma ndinakana. Khadi yathu ili kale m'kalembedwe ka SADC, code B, ya magalimoto aang'ono, imawerengeka chimodzimodzi, ndipo ine kuno sindinasamuke, ndangobwereka malo. Nyumba ili ku Chilomoni, kalembera wa voti ndi wa kwathu. Ndinafunsa a inshuwalansi ya galimoto yakampani ngati akuivomereza, ndipo ndinapempha kuti yankho alilembe. Wina aliyense afunse yekha chomwecho, makamaka amene akuona kuti zaka ziwiri zisanduka khumi.

Pa rodibuloko, wapolisi amatenga khadi, kuitembenuza, kuyang'ana nkhope yanga, kenako amafunsa kuti ndikukhala kuno motani. Apo ndimatulutsa fotokope ya pasipoti ndi tsamba la TEP, zomwe zimakhala mu envulopu yakhaki m'galimoto. Galimoto yanga ndinaisiya kumudzi dala, chifukwa yolowa ndi nambala zakunja imayendera chilolezo chakanthawi cha ZIMRA, bungwe la misonkho la kuno, nalonso tsiku lina lowerengera.

Lamulungu lina titaweruka ku CCAP ku Mbare, ndinafotokozera gogo wina nkhani ya chidindo ija. Bambo awo anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito m'mapulazi, ndipo iwo anabadwira konkuno. Kwa zaka zambiri chitupa chawo chinkawatchula mlendo, mpaka malamulo aakulu a 2013 anazindikira obadwira kuno kwa makolo a m'maiko a SADC. Anandigwira dzanja osalisiya.

“Mwana wanga, abambo ankati akhala nyengo ziwiri zokha. Tsiku la pepala lakolo ulilembe pakhoma.”

Ndinalilemba pa kalendala ya kukhitchini, ndipo miyezi itatu lisanafike ndakonza kale zokakumbutsa abwana.